Amayi Owerenga Nyenyezi, Gawo Lachiwiri: Ndalama za Wamasiye

Sabata yatha tinasiyana ndi Maria Mitchell ali pa koleji ya atsikana ya Vassar, akuphunzitsa za zakuthambo, papita zaka zambiri chitulukireni nyenyezi yamchira mu 1847. Mmodzi mwa atsikana amene anadutsa m'manja mwake tikumana naye kutsogoloku. Koma ya leroyi ikuyambira pa phwando, ndipo phwandolo linatsatana ndi maliro.

Usiku wa pa 15 November 1882, m'nyumba ya Dr. Henry Draper ndi mkazi wake Anna, pa msewu wa Madison Avenue mumzinda wa New York, munasonkhana akuluakulu a sayansi a dziko la America. Anadya pansi pa mababu a magetsi, chinthu chimene anthu ambiri anali asanachionepo, ndipo mwini wake wa mababuwo, Thomas Edison, anali pa tebulo pomwepo. Koma mwini nyumba sanali bwino. Anali atangobwera kumene kosaka nyama ku mapiri a Rocky, komwe chimphepo chachisanu chinam'peza ali kutali ndi pobisala. Alendo atatha kudya, anachita kumunyamula popita naye kuchipinda. Patangopita masiku asanu, pa 20 November, anatsirizika ndi matenda a m'chifuwa ali ndi zaka 45.

Anthu ankamudziwa Henry ngati dokotala ndi mphunzitsi wa pa yunivesite, koma mtima wake unali ku nyenyezi, ndipo Anna anali naye limodzi m'zimenezo kuyambira pachiyambi. Anna anali mwana wa Courtlandt Palmer, mpondamatiki wa mu New York. Atakwatirana mu 1867, ulendo wawo woyamba ngati banja unali wokagula chigalasi chachikulu chopangira telesikopu. Anachipala ndi kuchisalaza kwa zaka zingapo, n'kuchiika pa malo awo ku Hastings-on-Hudson. Mu 1872 telesikopu imeneyo inachita chimene palibe anali atachitapo: inajambula kuwala kwa nyenyezi yotchedwa Vega kutamwazidwa, timizere take tikuoneka.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa timizere timeneti. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumamwazika n'kukhala kalamba wa mitundu ya utawaleza. Mukakayang'anitsitsa kalambako, mupeza kuti kadulidwadulidwa ndi timizere takuda, tina tonenepa, tina toonda ngati tsitsi. Timizereto timachokera ku zinthu zimene zili mu mpweya wa nyenyeziyo, monga haidrojeni, kashiamu ndi chitsulo, ndipo chinthu chilichonse chimasiya mizere yake pamalo ake. Munthu wodziwa kutiwerenga angakuuzeni za nyenyezi imene sadzafikako mpaka kalekale.

Kuti mudziwe mtundu wa munthu amene Anna anali, imvani izi. Mu July 1878 banjali linapita ku Rawlins, m'dera la Wyoming, kukajambula kadamsana. Ntchito ya Anna inali kuwerenga masekondi mokweza kuti ojambula adziwe nthawi yotsegula ndi kutseka makamera. Poopa kuti zodabwitsa za kumwambazo zingamusokoneze, anakakhala m'tenti, maso ali pa wotchi. Dzuwa linada, anthu panja anafuula, iye ali m'katimo kuwerenga. Anayenda mtunda wonse uja kukaona kadamsana, n'kubwerako osamuona.

Tsono ndi mayi ameneyu amene anatsala wamasiye, wopanda mwana, ali ndi chuma chambiri ndi ntchito yosatha ya mwamuna wake. Poyamba anafuna kuipitiriza yekha ku Hastings, atalemba anthu omuthandiza, koma oyenera sanapezeke. Pa nthawi yonseyi ankalemberana makalata ndi mmodzi wa alendo a pa phwando lija, Edward Pickering, amene kuyambira 1877 anali mkulu wa malo oonera zakuthambo a yunivesite ya Harvard ku Cambridge, pafupi ndi Boston. Pickering anali ndi luso limene akatswiri ambiri alibe: ankadziwa kupempha, ndiponso ankadziwa kudikira. Anadikira zaka zitatu. Mu February 1886 Mayi Draper anamutumizira cheke cha madola 1,000, choyamba mwa zambiri, ndipo ntchitoyo inapatsidwa dzina lakuti Henry Draper Memorial. Dzina lawo mayiwa sanaliikepo. Anapitiriza kulipira ntchitoyo mpaka pamene anamwalira mu 1914, ndipo ngakhale mu wilo yawo anaisiyira ndalama.

Henry ankajambula nyenyezi imodzi pa nthawi imodzi. Pickering anaika galasi la ngodya zitatu lija kutsogolo kwenikweni kwa telesikopu, kotero kuti chithunzi chimodzi chinkagwira tiutawaleza ta nyenyezi zambirimbiri nthawi imodzi. Zithunzi za nthawi imeneyo sizinali za pa pepala. Zinali magalasi athyathyathya opakidwa mankhwala mbali imodzi. Usiku uliwonse wopanda mitambo unkabala magalasi atsopano, ndipo posakhalitsa anayamba kuunjikana. Makina ojambulira analipo, ndalama zinalipo. Chosowa chinali maso.

Maso oyamba anachokera m'khitchini mwa Pickering mwini wake.

Williamina Fleming anabadwira ku Dundee, ku Scotland, mu 1857, ndipo pofika zaka 14 anali atayamba kale kuthandiza kuphunzitsa ana anzake. Anakwatiwa, n'kuwoloka nyanja ndi mwamuna wake kupita ku Boston mu 1878. Kumeneko mwamunayo anamuthawa, kumusiya ali woyembekezera m'dziko la eni. Anapeza ntchito ya m'nyumba kwa a Pickering. Sipanatenge nthawi kuti eni nyumba aone kuti mtsikana wosesa ndi kutsuka mbaleyu mutu wake umagwira masamu. Anayamba kum'patsa tintchito tokopera manambala, ndipo mu 1881 analembedwa ntchito yokhazikika pa malo oonera zakuthambo paja. Mwana wake wamwamuna anamutcha Edward Charles Pickering Fleming. Ndalama za Mayi Draper zitafika, Pickering anaika ntchito ya timizere ija m'manja mwa Fleming, komanso udindo wolemba ndi kuyang'anira amayi ena.

Tiyeni tilowe m'chipinda chawo. Musayembekezere kuona telesikopu, chifukwa amayiwa kawirikawiri sankagwira ntchito usiku. Ankabwera m'mawa ngati akalaliki, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Pa tebulo pali kachimango ka matabwa kopendekeka, pansi pake pali kalilole wolandira kuwala kwa pa windo n'kukubweza kuti kudutse m'galasi la chithunzi. Pa galasipo zinthu n'zotembenuka: thambo ndi loyera, nyenyezi ndi timadontho takuda. Mayi mmodzi wawerama, kagalasi kokulitsira zinthu kali pa diso, akuyang'ana kautawaleza kotalika ngati chikhadabo, kopanda mtundu uliwonse, kotuwa basi. Akutchula nambala ndi chilembo. Mnzake pambali akulemba m'kaundula. Atha nyenyezi iyi, apita pa ina. Galasi likagwa pansi, ndiye kuti usiku wathunthu wa thambo watayika, ndipo subwereranso.

Mwa njira imeneyi Fleming anagawa nyenyezi m'magulu, kuzipatsa zilembo kuyambira A kufika Q, poyang'ana makamaka mphamvu ya mizere ya haidrojeni. Mu 1890 linatuluka buku loyamba la ntchitoyi, la nyenyezi zoposa 10,000. Linatchedwa ndi dzina la Draper.

Nanga malipiro? Ambiri mwa amayiwa ankalandira masenti 25 pa ola. Pickering sankabisa kuti kulemba akazi kunkam'thandiza kutambasula ndalama, chifukwa mwamuna wa maphunziro ofanana sakanavomera malipiro amenewo. Olemba mbiri ena amamujambula ngati munthu wodyera akazi masuku pamutu, ena ngati mpulumutsi wawo. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinali mwa munthu mmodzi yemweyo. Anatsegula chitseko chimene malo ena ambiri anali atachitseka ndi mpiringidzo, koma anachitsegula chifukwa olowerapo anali otchipa. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndalama zolipira masenti 25 amenewo zinkachokera m'thumba la mkazi mnzawo. Fleming yemwe sanakhale chete. Mu 1900, atakhala kale mkazi woyamba kupatsidwa udindo wodziwika ndi yunivesite ya Harvard, wa wosunga zithunzi za zakuthambo, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kudandaula kuti iye amalandira madola 1,500 pa chaka pamene amuna ena pamalopo amalandira 2,500, ngati kuti iye alibe nyumba yoisamala ndi mwana womulipirira sukulu.

Za dzina nazo zinali chimodzimodzi. Mu 1888, akuyang'ana galasi la chigawo cha Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija timaziona bwino nyengo ya dzinja, Fleming anaona kamdima kolowa m'mtambo wowala pafupi ndi imodzi mwa nyenyezizo. Ndi mtambo uja lero umatchuka ndi maonekedwe a mutu wa hatchi, umene chithunzi chake chili m'mabuku a sukulu padziko lonse. Koma kaundula wamkulu wa zinthu zoterezi atatuluka ku Ulaya mu 1895, pamalo a wotulukira panalembedwa kuti Pickering.

Amene anakana zotere poyera anali Antonia Maury, wophunzira wa Maria Mitchell uja ndinakulonjezani. Anali mwana wa mlongo wake wa Henry Draper, ndipo anayamba ntchito mu 1888. Maury sankathamanga. Ankaona kusiyana kwa kuonda ndi kunenepa kwa timizere kumene anzake ankakudumpha, ndipo Pickering, wofuna ntchito yotha msanga, ankatopa naye. Anasemphana mpaka Maury anachoka ntchito isanathe, koma anaumirira kuti akaimaliza ituluke m'dzina lake. Mu 1897 inatulukadi dzina lake lili pachikuto. Patapita zaka zochepa, katswiri wa ku Denmark, Ejnar Hertzsprung, anapeza kuti tizigawo ta Maury tija Pickering ankationa ngati totayitsa nthawi tinkasiyanitsa nyenyezi zikuluzikulu zedi ndi nyenyezi wamba. Za Annie Jump Cannon, amene anabwera mu 1896 n'kusanja zilembo za Fleming m'ndondomeko imene ikugwirabe ntchito mpaka lero, tidzakamba pa tsiku lake, chifukwa payekha ndi gawo lathunthu.

Tsopano pakubwera thumba lachiwiri. Chakumapeto kwa 1888 Pickering anafalitsa pempho loti akufuna madola 50,000 opangira telesikopu yojambulira ya galasi la mainchesi 24, yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake. Amene anayankha mu 1889 sanali bwana wa njanji kapena wa mafuta. Anali gogo wa zaka 73, Catherine Wolfe Bruce, wosakwatiwa, wodwaladwala, wokonda kujambula ndi kuphunzira zilankhulo, mwana wa munthu amene analemera ndi kupanga zilembo zachitsulo zosindikizira mabuku. Za nyenyezi sanaphunzirepo kusukulu. Anapereka ndalama yonse. Ndipo sanalekere pomwepo: anathandiza akatswiri ena a ku America ndi ku Ulaya, mpaka Max Wolf wa ku Heidelberg, atatulukira kamwala kozungulira dzuwa mu 1891, anakatcha Brucia pomuthokoza. Mendulo ya Bruce, imene akatswiri a zakuthambo amalandirabe mpaka pano, inayambanso ndi ndalama zake.

Telesikopu ya Bruce sinakhalitse ku Cambridge. Kumpoto kumeneko mbali yaikulu ya thambo la kum'mwera sioneka, choncho Harvard inali itatsegula nthambi ku Arequipa, m'mapiri a ku Peru, m'munsi mwa phiri la El Misti, komwe mpweya ndi wouma ndipo usiku ndi woyera. Telesikopuyo inakafika kumeneko mu 1896. Gogo Bruce anamwalira mu 1900. (Abale athu amene ali ku Joni angakonde kudziwa kuti mu 1927 nthambi yonseyo inasamutsidwira ku Mazelspoort, pafupi ndi Bloemfontein, telesikopu ya gogoyu ili pakati pa katundu. Malowo alipobe, amatchedwa Boyden.) Magalasi ojambulidwa ku Arequipa, akuluakulu a mainchesi 14 m'lifupi ndi 17 m'litali, ankalongedzedwa m'mabokosi, kutsika pa sitima ya pamtunda kupita kudoko, n'kukwera ya panyanja ulendo wa ku Boston.

Mwa zinthu zimene ankajambula munali timitambo tiwiri totuwa timene ifenso kuno timationa chakum'mwera usiku wopanda mwezi, makamaka kuyambira October mpaka miyezi ya mvula, tooneka ngati tizidutswa tonyotsoka ku Mlalang'amba. Azungu amatitcha Mitambo ya Magellan. Si mitambo ya mvula ayi. Ndi nyenyezi zosawerengeka zounjikana kutali kwambiri.

Magalasi amenewa anagwera pa tebulo la Henrietta Swan Leavitt. Anali mwana wa m'busa, wobadwa mu 1868, wophunzira pa koleji imene pambuyo pake inadzatchedwa Radcliffe. Anayamba kuthandiza ku Harvard mongodzipereka, osalandira kanthu, kenaka n'kuchoka kwa zaka zingapo. Makutu ake anali atayamba kugontha, ndipo thanzi lake silinali lodalirika. Mu 1902 Pickering anamuitana kuti abwerere, n'kumulonjeza masenti 30 pa ola, asanu pamwamba pa anzake, chifukwa cha ubwino wa ntchito yake. Anali munthu wofatsa, wopemphera, wosakonda zoonekera.

Ntchito yake inali kusaka nyenyezi zosintha kuwala, zimene zimawala kwambiri, n'kuzilala, n'kuwalanso, mobwerezabwereza. Ankatenga magalasi awiri a chigawo chimodzi cha thambo ojambulidwa masiku osiyana, lina la nyenyezi zakuda, lina lotembenuzidwa kuti nyenyezi zikhale zoyera, n'kuwasanjika. Nyenyezi yosasintha inkaphimbana ndi inzake n'kuzimirira. Yosintha inkatsala poyera, kadontho kakuda kozunguliridwa ndi kamkombero koyera, kapena kotulukira m'mbali. Akaipeza, ankatenga kachidutswa ka galasi kokhala ndi chogwirira cha waya, pamene panali timadontho ta nyenyezi zodziwika kale kuwala kwake, n'kumakayendetsa pambali pa kadontho katsopanoko mpaka apeze kofanana nako. Kenaka galasi lina, la mwezi wina, la chaka china. Ndi ntchito yoti ambiri a ife tikanaithawa lisanathe tsiku.

Kuyambira 1904 nyenyezi zoterezi zinayamba kutuluka m'Mitambo ya Magellan mwaunyinji wake, moti akatswiri a kwina anayamba kudabwa kuti mayiyu akuzipeza bwanji. Mu 1908 anasindikiza mndandanda wa nyenyezi 1,777. Pafupifupi lipoti lonselo ndi manambala okhaokha. Koma chakumapeto kuli kandandanda kakang'ono ka nyenyezi 16 zimene anakwanitsa kuziyeza nthawi imene zimatenga kuchoka pa kuwala kwambiri kufika pa kuwala kwambiri kotsatira. Zina zinkatenga masiku osakwana awiri, ina inkapitirira masiku 100. Atazindandalika, anaona kanthu, n'kukalemba m'chiganizo chimodzi chokha, mosakweza mawu: zowala kwambiri ndi zimene zinkatenga nthawi yaitali.

Kuti muone kulemera kwa chiganizo chimenecho, kaimeni pagombe la nyanja yathu usiku asodzi a usipa ali pamadzi. Mukuona nyali ziwiri, ina yowala, ina yozilala. Kodi yozilalayo ndi yofooka, kapena ndi yamphamvu koma ili kutali? Ndi maso okha simungadziwe. Limeneli ndi limene linali vuto la akatswiri a zakuthambo chiyambire. Njira imene anali nayo yoyezera mtunda inkafika pa nyenyezi zapafupi zokha. Kupitirira apo kunali kungoganizira, moti palibe ankadziwa kukula kwa Mlalang'amba, kapena ngati kunja kwake kuli kanthu. Koma nyenyezi 16 za Leavitt zija zonse zinali mu mtambo umodzi, kutanthauza kuti zinali pa mtunda pafupifupi wofanana kuchokera kuno. Yooneka yowala inali yowaladi. Tsono ngati nthawi ya kusintha kwake imaulula mphamvu yeniyeni ya nyenyezi, munthu wokhala ndi wotchi ndi kalendala angadziwe mphamvuyo, n'kuiyerekeza ndi mmene nyenyeziyo ikuonekera, n'kupeza mtunda. Ndiye kuti chingwe choyezera thambo chapezeka.

Ngati. Nyenyezi 16 ndi zochepa, ndipo zinthu zikhoza kungogwirizana mwangozi. Pankafunika kuyeza zina, ndipo amene ankadziwa kadontho kalikonse ka m'magalasi amenewo anali munthu mmodzi.

Chaka chomwecho cha 1908 chisanathe, munthu ameneyo anagonekedwa m'chipatala ku Boston. Atatuluka sanabwerere ku ntchito. Anapita kwa makolo ake ku Beloit, m'dera la Wisconsin, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera pa tebulo lake. Miyezi inadutsa. Pickering ankalemba makalata kufunsa za tsiku lobwerera, iye n'kumayankha kuti thupi silinalole. Chaka cha 1909 chinatha chonse mpando wake uli wopanda munthu, ndipo chiganizo chija chili m'kati mwa lipoti la manambala, palibe wochitola.

Kumayambiriro kwa 1910 Pickering anatopa n'kudikira. Anaganiza kuti ngati wantchito sangabwere ku ntchito, ntchito ipite kwa wantchito. Ku Beloit kunafika katundu wochokera ku Cambridge: magalasi okulungidwa bwino, makaundula, kachimango ka matabwa kaja ndi kagalasi ka pa diso. Leavitt anamasula. Magalasiwo sanali a Mitambo ya Magellan. Anali a mbali ina kotheratu ya thambo, ya nyenyezi zozungulira nsonga ya kumpoto, zimene Pickering ankafuna kuti zikhale muyezo wa kuwala kwa nyenyezi zonse. Kwa iye imeneyo ndi imene inali ntchito yofunika, ndipo pa malo amenewo wosankha ntchito anali iye, osati wolandira masenti 30.

Magalasi a nyenyezi 16 zija anatsala m'mashelefu ku Cambridge, m'manja mwa wosunga wake, Williamina Fleming, amene pa nthawiyi anali atatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa ya moyo. Kodi Leavitt adzawagwiranso? Ndipo akadzatsimikiza zimene anaonazo, pansi pa chikalatacho padzasainidwa dzina la yani? Musaphonye gawo lachitatu sabata yamawa.